Mwana Wanga Anadzivundukula Yekha pa Chinkhoswe Chake

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinatenga chinkhoswe cha mwana wanga mmodzi yekhayo n'kuchipereka kwa andale kuti achitirepo kampeni. Palibe anandikakamiza ndipo palibe anandiopseza. Ndinachita kunyamula ndekha, uku ndikumwetulira, n'kukatula m'manja mwa anthu amene lero tikakumana pamsika amandidutsa ngati sanandionepo. Masiku ano nkhaniyi ndimaifotokoza ndikuseka, ndipo inunso mukafuna kuseka sekani. Koma mumve mpaka kumapeto, chifukwa zisankho sizitha m'dziko muno ndipo ana athu sasiya kukwatiwa.

Ndinakulira kumalaini a pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo tiyi ndamuthyola kuyambira ndili mtsikana. Pa nkhani ya kukongola Mulungu anandipimira pang'ono, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo ndinazidziwa. Ndikayambitsa m'munda, mzere wonse wa amayi unkavomera mpaka akapitawo ankaiwala kukalipa. Kukakhala ukwati ku Changata kapena chinkhoswe ku Chimaliro, ankachita kunditumizira njinga kuti ndikayambitse nyimbo. Ndinkapeka ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti ndimatha. Matenda anga anali amenewo.

Amuna anga anamwalira mwana wathu Felesiya akukwawa. Popeza kumsana kunkakhala dengu la tiyi, mwanayo ndinkamugoneka pamthunzi m'mphepete mwa munda, pa nsalu yanga ina ya timadontho tofiirira. Akalira ndinkamuimbira ndili m'mizere momwemo, manja akuthyola. Nyimbo yake ndinaipeka kuchokera pa ntchito yomwe ndinkagwirayo:

Kansonga kanga ka tiyi,
masamba awiri ndi kamphukira,
ndakusunga padzuwa, ndakusunga pamvula,
wodzakuthyola adzathyole bwino.

Nyimbo imeneyi sindinaiyimbepo pa ukwati wa mwana wa munthu wina, ngakhale anzanga ankaipempha. Ndinkawauza kuti iyi ili ndi mwini wake, ndidzaitulutsa pagulu tsiku la chinkhoswe cha Felesiya. Mwanayo anakula akudziwa zimenezo. Akandikwiyitsa ndinkamuopseza kuti nyimbo yako ndikaigulitsa, iye n'kumaseka.

Zipani zambiri zitabwera, andale anayamba kusakasaka amayi odziwa kuimba, ndipo sanavutike kundipeza. Posakhalitsa anandisankha kukhala wapampando wa amayi m'dera lathu. Dzina langa linatha, aliyense anayamba kunditchula kuti Mayi Tcheya. Inu owerenga, munthu amene wakhala akukalipiridwa pa sikelo moyo wake wonse, ukamupatsa mpando wa kutsogolo kwa lole n'kumutchula Tcheya, mutu umakula. Wanga unakula mpaka duku linayamba kuchepa.

Chaka chimene ndikunenachi chinali cha chisankho, ndipo bwana wathu, amene tinkafuna kuti akhale pulezidenti, anali pamoto. Kukhoti ankamuzenga milandu, ndipo ena ankati malamulo sakumulola n'komwe kuima nawo. Ife za malamulozo sitinkazimvetsa, tinkangodziwa kuti akumuchitira nsanje. Chimene chinkatipweteka chinali misonkhano. Tinkakonzeka, kuchapa nsalu, kuyeserera nyimbo, kenaka uthenga n'kubwera kuti bwana sabwera, ali kukhoti. Ulendo wina ankati apolisi akaniza bwalo. Wina ankati pali chiletso cha khoti, chija amati injankishoni. Anthu anayamba kuzizira, ndipo amayi ena a gulu langa ndinayamba kuwaona akusuzumira malole a zipani zina.

Tsiku lina a gavanala athu, mkulu wa chipani m'dera lonselo, anatisonkhanitsa kuseri kwa golosale ina. Anali munthu wamfupi, wa mawu okoma, wosalekana ndi magalasi akuda ngakhale kunja kuli chiperoni.

"Amangwetu, sitiratije yasintha," anatero a gavanala. "Mitingi akutikaniza. Koma maliro angawakanize? Ukwati angauikire injankishoni? Paliponse pamene pasonkhana anthu, ife tizipezekapo. Kuchigayo, kumpira, kumaliro. Anthu asamabwere kwa ife, ife tiziwapeza komweko."

Tinaomba m'manja. Kunena zoona nzeruyo inali yakupsa, ndipo inkagwira. Kumaliro tinkafika ndi nkhuni ndi ufa, a gavanala n'kupempha kulankhulapo mawu awiri a chipepeso amene ankathera ku nkhani ya khoti.

Nthawi yomweyo n'kuti kunyumba kwanga kukukonzeka chinkhoswe. Felesiya anali atamaliza sukulu ndipo ankathandizira anamwino pa kachipatala ka pa esiteti. Anapeza mnyamata wabwino dzina lake Limbani, mphunzitsi wochokera ku Dowa amene boma linamutumiza pa sukulu yoyandikana nafe. Anali waulemu kwambiri moti akandiona patali ankapatuka njira n'kunjuta, ine n'kumanyadira kuti mkamwini ndiye ndapeza. Zonse zinayenda mwa dongosolo. Nkhoswe ya mbali yathu anali achimwene anga a Mulipa, amene ankayendetsa thirakitala yonyamula tiyi ndipo ankakhala ku Makwasa. Ya mbali ya mwamuna anali amalume ake a Limbani, a Jailosi.

Ndiye pa msonkhano wotsatira a gavanala atafunsa ngati pali amene akudziwa za mwambo uliwonse wa anthu ambiri, mkono wanga unakwera wokha. Ndinati kwathu kuli chinkhoswe, ndipo kubwera esiteti yonse. A gavanala anavula magalasi, koyamba kuwaona maso. Analonjeza zimbale, jenereta, mipando ndi nsalu zatsopano za chipani. Anatinso nkhaniyi ikafika m'makutu mwa bwana mwini wakeyo, ndipo dzina la Mayi Tcheya likatchulidwa ku Blantyre. Mawu amenewo ndi amene anandimaliza.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa n'kosavuta kuwasenzetsa a gavanala katundu yense. Mukudziwa mmene timachitira pa chinkhoswe: timatulutsa atsikana mmodzimmodzi atafunditsidwa nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuchimuna n'kumakana kuti si ameneyu, mpaka atatuluka mwini wake, mwamuna n'kumuvundukula anthu akululutira. Nzeru yoti atsikanawo tiwafunditse nsalu za chipani, zokhala ndi nkhope ya bwana, inali yanga ndekha. A gavanala atamva anagwa nako kuseka, nati ine ndikanakhala wophunzira bwenzi ndili nduna.

A Mulipa ndinangowauza theka, kuti anzanga akuchipani atibwereka zimbale. Ngakhale theka lomwelo silinawasangalatse.

"Achemwali, chinkhoswe n'cha ankhoswe," anandiuza. "Inu yanu ndi thobwa ndi nthungululu basi. Anthu akubwerawa ndi alendo, sitikuwadziwa mitima yawo. Komanso mnyamatayo ndi wa boma. Zachipanizo muzisiye panja pa mpanda."

Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinkati munthu wongodziwa thirakitala angandiuze chiyani za kampeni.

Tsikulo linafika, kunja kutacha bwino, dzuwa la kumapeto kwa mvula likuwala pa minda. Anthu anadzaza pabwalo la kumalaini, ena atakwera pa zitsa, ana ali m'mitengo ya mapeyala. Akuchimuna anatsika minibasi atanyamula tambala, khasu ndi nkhwangwa monga mwa mwambo. A Jailosi anali bambo wamtali, wa imvi, wovala jekete yakale koma yosita bwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti iwo anali munthu wa chipani china, wachikhalire, ndipo pa jeketepo pankakhala baji. Asanatsike minibasi anaivula n'kuiika m'thumba, ati kwa eni ake sitipita ndi zimenezi.

M'chipinda mmene tinkakonzera atsikana, Felesiya anali atasita nsalu ija ya timadontho, yomwe ndinkamugonekapo ali khanda. Anali ataisunga m'sutikesi zaka zonsezo, ndipo ankafuna kufunda imeneyo. Ine ndinailanda n'kuiponya pabedi, ndikuti chisanza chimenechi chitichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndinatulutsa zatsopanozo m'jumbo. Mwanayo anayang'ana nkhope ya bwana, n'kuyang'ana ine.

"Amayi, a Limbani akudziwa zimenezi?" anafunsa.

Ndinamuyankha kuti a Limbani sakwatira nsalu. Mwanayo anaweramitsa mutu ndipo ndinamufunditsa ndi manja angawa.

Mtsikana woyamba atatuluka, bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Nsaluyo tinaifunditsa mwakuti nkhope ya bwana inakhala pamene pali nkhope ya mtsikanayo. Kunali ngati bwana mwini wake akubwera mwamanyazi, akuyenda pang'onopang'ono, mapazi ali m'masilipasi a pinki. Amayi anga a chipani analulutira. A Mulipa anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Limbani anazyolika. A Jailosi anaimirira, n'kumuzungulira mtsikanayo modekha.

"Pepani akuchikazi," anatero a Jailosi. "Mwana wathu anatiuza kuti wapeza mbeta. Abambo awa sanawafunsire."

Anthu anaseka mpaka ena kugwetsa zikho za thobwa, ndipo ine ndinaganiza kuti zayenda. Wachiwiri anatuluka chimodzimodzi. Apa a Jailosi sanaimirire, anangopukusa mutu, ndipo kuseka kwa alendo kunali kutatha. Ndikanakhala ndi maso ndikanathamangira m'nyumba kukatenga nsalu ya timadontho ija. Koma ine makutu anga anali kumsewu, kumvetsera lole.

Wachitatu anali Felesiya. Anzake anamutsogolera mpaka pakati pa bwalo n'kumusiya ataima, kuti Limbani abwere adzamuvundukule. Mnyamatayo anali atangodzuka pampando pamene lole inalowa ndi hutala, anyamata a chipani ali pamwamba akuimba. A gavanala anadumpha, n'kulanda maiki kwa woyendetsa mwambo, nati angopereka mafuno abwino a bwana kwa banja latsopanoli. Limbani anakhalanso pansi podikira kuti amalize.

Mafuno abwinowo anali a mawu awiri, kenaka tinalowa m'khoti. Anafotokoza mlandu woyamba, maloya ake, ndi amene akuwatuma. Anafotokoza wachiwiri. Anatiphunzitsa pochonga pa pepala lovotera. Anadzudzula wailesi. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mapeyala unachoka pa mipando ya alendo, iwo akadali pa nkhani ya apilo. Atatopa anakuwa kuti, Mayi Tcheya, tipatseniko moto.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinayenera kuimba za kansonga ka tiyi. Tsiku lake linali limeneli, maiki inali m'manja mwanga, mwana wanga anali ataima potero. Koma ndinayambitsa ya bwana, ija yoti khoti likane lisakane ife tili pambuyo pake. Amayi anavomera, fumbi linakwera, chiuno changa chinaiwala zaka zake. Nditatenthedwa ndinalowetsa ndime ina imene ndinapekera mtsogoleri wa chipani china, yoti agogo akapume, mpando wa dziko si mkeka wowotherapo dzuwa. Sindinkadziwa kuti agogo amenewo ndi amene chithunzi chawo chinali m'thumba mwa a Jailosi. Ndinaibwereza ndimeyo chifukwa anthu anaikonda.

Zimene zinkachitika kumbuyo kwanga anandiuza ndi a Mulipa. Mnyamata wina wa chipani wojambula zithunzi anamukoka Limbani kuti akaime pafupi ndi nkhope ya bwana amujambule. Limbani anakana, poti mphunzitsi akaoneka pa chithunzi chotere nthawi ya kampeni mawa lake amadzuka atasamutsidwira kumene basi sifika. Anyamatawo anayamba kumuwowoza kuti ndi wa otsutsa. A Jailosi anatola tambala wawo, n'kupita pamene anakhala a Mulipa.

"Ankhoswe anzanga, ife tinabwera ku chinkhoswe koma taphonya tsiku, tapeza msonkhano," anatero. "Tikapita. Mukadzakhala ndi chinkhoswe mudzatiuze."

Limbani anafuna kutsala, koma mwana sangatsale amalume ake atanyamuka. Anakwera minibasi akucheuka.

Ine pomaliza kuvina, thukuta lili chuchuchu, ndinatembenuka kuti ndione ngati alendo asangalala. Mipando yawo inali yopanda anthu. Nkhuku imene tinawotchera ankhoswe anyamata a chipani anali atagawana. A gavanala anandigwira chanza, nati ndagwira ntchito yotamandika, koma athamangire maliro ena kutsidya asanatseke manda. Lole inanyamuka ndi zimbale zake, ndipo pabwalo panagwa bata.

Pakati pa bwalopo panali pataima munthu wofunda nsalu. Mwambo wake ndi wakuti wofunditsidwa salankhula, sasuntha, sadzivundukula, amadikira mwamuna wake. Felesiya anasunga mwambo. Anaima padzuwa nthawi yonse ya milandu ya bwana, nthawi yonse ya nyimbo zanga, akumva zonse koma osaona kanthu, akudikira dzanja la Limbani. Mwa anthu amene anatsala, palibe amene anadziwa woyenera kumuvundukula.

Kenaka nsaluyo inagwedezeka. Anaikweza yekha, pang'onopang'ono. Nkhope yake inali itanyowa, sindikudziwa ngati linali thukuta lokha. Anayang'ana mipando ija. Anaipinda nsaluyo bwinobwino ngati yochokera kochapa, n'kubwera nayo kwa ine, n'kugwada monga ndinamuphunzitsira.

"Landirani, amayi," anatero. "Amene mwapeza banja lero ndinu."

Tsiku lomwelo ananyamuka ndi atsibweni ake a Mulipa kupita ku Makwasa, ndipo ku ntchito ankachokera komweko. Tikakumana panjira ankandipatsa moni waulemu wonse, wonga wopatsa mayi wa mnzake. Zinandiwawa kuposa akanandilalatira. Kumunda nako sikunali kothawira. Amayi omwe aja ankandivomera nyimbo anapeka yawo, yofunsa kuti mkamwini wa Tcheya ndani, mphunzitsi kapena pulezidenti. Inali nyimbo yokoma, ndivomereze, moti tsiku lina ndinadzipeza ndikuing'ung'udza ndekha posamba.

Ndinapita kwa a gavanala kuti mwina atumize munthu ku Dowa akapepese, popeza moto unayaka chifukwa cha iwo. Anandimvetsera magalasi ali kumaso.

"Mayi Tcheya, zimenezo ndi za m'banja," anatero. "Chipani sichilowerera nkhani za m'banja."

Ndinatuluka pamenepo ndikuseka ndekha ngati wamisala, chifukwa kulira kukanandichititsa manyazi.

Sipanapite nthawi, wailesi inalengeza kuti khoti lagamula: bwana wathu saima nawo. Tisanapukute misozi, inalengezanso kuti akuluakulu akambirana ndipo agwirizana. Ife tonse tikavotere mtsogoleri wa chipani china uja, agogo omwe aja ndinawatumiza kukawothera dzuwa. Uthenga unandipeza m'munda kuti Mayi Tcheya apeke msanga nyimbo yowatamanda. Amene anautumiza sanali a gavanala, poti iwo sabata yomweyo anaoneka pa lole ya chipani chachitatu, magalasi ali omwe aja. Akuluakulu amene ndinkawamenyera nkhondo anagwirana chanza akumwetulira pa nyuzipepala, ine mwana wanga akundipatsa moni wa mlendo.

Nyimboyo sindinapeke. Ndinapita ku Makwasa kukagwada kwa achimwene anga kuti akalankhule ndi akuchimuna. A Mulipa anati iwo ku Dowa apita, poti ndi ntchito ya nkhoswe, koma sapita okha. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawakumbutsa kuti mpongozi sapita yekha kukapempha mkamwini, anthu angaseke. Anandiyankha kuti anthuwo anaseka kale, palibe chatsala.

Tinanyamula phava lalikulu la nthochi za kwathu kuno ndi msoti umene tinalephera kupereka kwa akuchimuna pa chinkhoswe chija, n'kukwera basi. Ulendo wonse msotiwo unkandiyang'ana ngati ukudziwa mlandu wanga. A Jailosi tinawapeza akukonza nkhokwe. Ndinagwada patali, mawu amene ndinakonza m'basi onse anathawa, ndinangoti ndinalakwa. Iwo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa baji ija.

"Mayi, ndamva kuti tsopano tili chipani chimodzi," anatero. "Ndiye ndikubwerekeni iyi, kapena mudikira agogo adzuke pa mkeka?"

Anaseka mpaka kutsamira nkhokwe, a Mulipa nawo osaugwira mtima. Ine ndinaseka nawo misozi ikutsika. Atatha kuseka ananena mawu amene anandilasa. Anati za nyimbo ija iwo anaiwala kale, andale amatukwanana m'mawa madzulo n'kudyera limodzi. Chimene chinawanyamula pampando chinali kuona mwana ataimikidwa padzuwa ngati chikwangwani, mayi ake akuvina. Anati Limbani sakudya bwino, ndipo iwo ali okonzeka kubweranso. Koma amene ndiyenera kumupepesa sali ku Dowa.

Felesiya ndinamupeza ku Makwasa akuchapa yunifolomu yake. Ndinakhala pa mwala pafupi naye n'kunena zonse, popanda kuwanamizira a gavanala. Anamvetsera manja ali m'beseni. Anati wandikhululukira, ndipo chinkhoswe chichitikenso, koma pakhomo pa atsibweni ake, chisankho chitadutsa, popanda zimbale. Ndinavomera zonsezo mofulumira. Kenaka anawonjezera chomaliza.

"Mudzabwere, amayi, mudzakhale kutsogolo. Koma musadzayimbe."

Ndinafunsa kuti ngakhale ija ya kansonga? Anati makamaka imeneyo. Anati anaidikira ali m'kati mwa nsalu, maiki italowa m'manja mwanga anadziuza kuti tsopano amayi ayimba yanga, ndipo zonse zikhala bwino. Sakufuna kudzaidikiranso kachiwiri.

Chisankho chinabwera n'kupita. Agogo aja nawonso anagwa, choncho ine ndi a Jailosi tinaluza limodzi, zimene zinalimbitsa chibale chathu kuposa china chilichonse. Chinkhoswe chachiwiri chinali chaching'ono, cha achibale ndi anansi, kunja kukuwaza kamvula ka chiperoni. Atsikana awiri oyamba anafunda nsalu wamba za maluwa. Wachitatu anatuluka atafunda chisanza chija cha timadontho, chong'ambika m'mphepete, chachifupi moti akakolo ankaoneka. Limbani sanadikire n'komwe kuti amufunse. Anadumpha ngati pampando pali nyerere, n'kumuvundukula msangamsanga, kuopa kuti mwina kubweranso lole. A Jailosi anapereka tambala, a Mulipa anapereka msoti, ndipo nkhuku yowotcha ulendo uno anadya eni ake.

Nyimbo anayambitsa ndi alamu anga, akazi a a Mulipa, munthu wabwino mtima koma mawu ake ngati chitseko cha fakitale. Anaiyambira pamwamba, amayi n'kulephera kuifikira, yonse n'kugwera m'ngalande. Ine ndili kutsogolo, nyimbo zili pakhosi ngati chinangwa chosatafuna. Ndinaluma nsonga ya nsalu yanga mpaka inanyowa. A Jailosi anandiona, n'kundinong'oneza kuti, limbani mtima asewele, nafenso tikumva kuwawa. Koma pakamwa sindinatsegule. Ndinalulutira kokha, poti nthungululu sanandiletse.

Lero Felesiya ndi Limbani ali pabanja, ndipo ali ndi mwana wamkazi amene ndimamulera akapita ku ntchito. Za chipani ndinasiya, ngakhale kuvota ndimavota, ndipo amene ndamuchonga ndimadziwa ndekha. Nsalu za bwana zija sindinataye, n'zolimba. Ndimamanga m'chiuno pothyola tiyi kuti nthambi zisandikande, moti nkhope yake inatha kalekale ndi mame.

Tsiku lina mdzukulu wangayo akuvuta kugona masana, ndinamugoneka pa nsalu ya timadontho n'kuyamba kumuimbira za kansonga ka tiyi. Sindinadziwe kuti mayi ake afika ndipo aima pakhomo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndi yokoma ndithu, amayi," anatero akumwetulira. "Inangochedwa."

Tinaseka tonse awiri, koma iye atalowa m'nyumba ine ndinatsala panja kanthawi.

Ndiye inu owerenga, makamaka amayi anzanga a nyimbo ndi nsalu, sindikukuletsani chipani. Vinani, kwerani malole, votani amene mwamukonda. Koma nyengo ya kampeni ikafika, akadzabwera a mawu okoma kudzafunsa ngati kwanu kuli mwambo wa anthu ambiri, mkono wanu muukhalire. Iwo akuwerenga mitu ya anthu, sakudziwa kuti pakati pa mituyo pali wa mwana wanu. Ankhoswe akakuchenjezani amvereni, ngakhale atakhala ongodziwa thirakitala. Alendo obwera kudzamanga nanu chibale musawafunse chipani, ndipo musawaonetse chanu. Akuluakuluwo milandu yawo imatha, amagwirizana, amasinthana mipando, ndipo pakatha zaka zisanu amabweranso ndi nsalu zina. Ine ndaimbira ana a eni ake Thyolo yense, ndipo mpaka lero njinga zimabwera kudzanditenga. Wanga ndinabereka mmodzi, ndipo pa tsiku lake ndinaimbira munthu amene sanamvepo n'komwe dzina la mwanayo.